Msonkho palibe, nanga amalonda a ku Britain ankaliranji?

Pa 24 December 2020, kutatsala sabata imodzi kuti Britain isiye kutsatira malamulo a msika wa European Union (EU), bungwe limene inali itatulukamo, nthumwi za mbali ziwirizi zinalengeza kuti zamvana. Katundu azidutsa pakati pawo popanda msonkho, ndipo sipadzakhala muyezo woti gulitsani wochuluka mwakuti basi. Womva nkhaniyi ali patali akanati amalonda agona tulo tsopano, pakuti anthu akamakamba za malonda a pakati pa maiko, msonkho ndiwo sukhala kukamwa. Koma January asanathe, ogulitsa nkhanu ndi nsomba a ku Scotland anali atayendetsa malole awo mpaka ku London, n'kukawaimika pafupi ndi nyumba ya malamulo, pokwiya kuti katundu wawo akuwolera panjira. Mwezi umenewo katundu amene Britain inagulitsa ku EU anatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Kutsikako kunali ndi zifukwa zinanso. Mliri wa Covid-19 unali pachimake, makampani ambiri anali atatumiziratu katundu chaka chisanathe poopa chipwirikiti, ndipo m'miyezi yotsatira malonda anadzukako. Komabe funso linatsala. Ngati msonkho panalibe, chinkawawa chinali chiyani?

Kuti timve bwino, tiyambe ndi chimene dziko limasiya likamatuluka, chifukwa mabungwe a zamalonda safanana kuya kwake. Mgwirizano wosaya kwambiri ndi uja maiko amangoti tisalipiritsane msonkho pa katundu wopangidwa kwathu kuno. Dziko lililonse limapitiriza kudziikira msonkho wake pa katundu wochokera kunja kwa gululo, choncho pa chipata cha malire pamafunikabe munthu wofunsa kuti katunduyu ndi wa kuti kwenikweni. Wozamirapo ndi uja maiko amagwirizananso msonkho umodzi wa katundu wochokera kunja. Mwachitsanzo, Britain idakali mkati, nsalu ya ku China ikalipira msonkho pa doko la Rotterdam ku Netherlands, inkayenda mpaka ku Manchester ku England popanda wina kuifunsanso. Maiko a ku Ulaya anafika pamenepa mu 1968. Wozama koposa ndi msika umodzi, umene unayamba mu 1993: katundu, ntchito, ndalama ndi anthu zimayenda momasuka, ndipo malamulo a kapangidwe ka zinthu ndi amodzi. Britain idakali mu msikawu, soseji yovomerezeka ku Leeds ku England inali yovomerezekanso ku Lyon ku France, popanda woipimanso.

Pali maiko amene ali mkati mwa china koma kunja kwa chinzake. Norway ili mu msika umodziwo koma imadziikira msonkho wake, ndipo pa malire ake ndi Sweden malole amaima. Turkey imagwirizana ndi EU pa msonkho wa katundu wa m'mafakitale koma sili mu msikawo. Britain, imene inalowa mu 1973, inali m'zonse ziwiri, ndipo inasankha kutuluka m'zonse ziwiri. Pangano la pa 24 December lija linaibwezera pa mgwirizano wosaya uja. Msonkho anauchotsadi, koma chipata chinabwerera, pamodzi ndi mafomu ake, oyeza ake ndi mizere yake.

Zaka zinayi ndi theka za kusadziwa

Nkhawa yoyamba ya amalonda inayamba kuluma kalekale pangano lisanalembedwe. Pa riferendamu ya pa 23 June 2016, anthu 51.9 pa 100 alionse anavotera kutuluka, 48.1 kukhala. Usiku womwewo paundi inagwa kuchoka pa madola pafupifupi 1.50 kufika cha m'ma 1.33, mtengo wotsika umene unali usanaoneke chiyambire 1985. Woitanitsa katundu kunja anadzuka m'mawa mpamba wake utachepa mphamvu iye asanagule kanthu, ndipo chaka chotsatira mitengo ya zinthu m'masitolo inakwera.

Pepala lovotera linangofunsa za kutuluka kapena kukhala. Silinanene kuti kutulukako kudzakhala kotani. Nduna yaikulu David Cameron atatula pansi udindo, Theresa May, amene anamulowa m'malo, ananena mu January 2017 kuti dzikolo lichoka mu msika umodzi, ndipo pa 29 March 2017 anapereka kalata yoyambitsa zaka ziwiri za zokambirana. Pangano limene anabwera nalo aphungu analikana katatu mu 2019. Tsiku lotuluka linasuntha kuchoka pa 29 March kupita pa 12 April, kenako pa 31 October, mpaka linadzakwaniritsidwa pa 31 January 2020, Boris Johnson ali nduna yaikulu. Ngakhale pamenepo malamulo akale anapitirira mpaka kutha kwa chakacho.

Kwa wandale, kusuntha tsiku ndi njira yopezera mpata. Kwa mwini fakitale, tsiku lililonse limene linatchulidwa linali ndalama. Makampani ankadzaza nyumba zosungiramo katundu kukonzekera tsiku lina, tsikulo n'kusuntha, iwo n'kutsala ndi katundu wosunga molipira komanso ngongole ya kubanki. BMW inasamutsira tchuthi cha fakitale yake ya Mini ku Oxford ku April 2019 kuti makina adzakhale ataima pa masabata oyamba a chisokonezo, koma chisokonezocho sichinabwere mwezi umenewo, ndipo tchuthicho chinangopita pachabe. Choopsa kwambiri chinali chosaoneka ndi maso. Munthu amene akufuna kumanga fakitale yoti igwire ntchito zaka 20 amafuna kudziwa kuti adzagulitsa kwa yani ndiponso pa malamulo ati. Akapanda kudziwa, amadikira, kapena amakamanga kwina. Bungwe la opanga galimoto la SMMT linanena kuti ndalama zatsopano zolowa m'mafakitale a galimoto zinatsika kuchoka pa £1.66 biliyoni mu 2016 kufika pa £589 miliyoni mu 2018. Panali zifukwa zina, monga kudana ndi galimoto za dizilo kumene kunayamba nthawi imeneyo, koma m'chuma chonse cha dzikolo ndalama zimene makampani ankaika m'makina ndi m'nyumba zinaima malo amodzi kuyambira 2016. Fakitale imene siinamangidwe siituluka m'nyuzipepala, ndipo palibe amene amachita zionetsero chifukwa cha ntchito imene siinabadwe.

Ichi n'chifukwa chake mabungwe monga Confederation of British Industry ndi British Chambers of Commerce, voti itadutsa, pempho lawo linasanduka limodzi: tiuzeni msanga malamulo atsopanowo, ndipo musatuluke popanda pangano. Anapatsidwa malamulowo kutatsala masiku asanu ndi awiri, pa nyengo ya Khirisimasi.

Fakitale imodzi yomwazikana m'maiko ambiri

Ambirife timaganiza malonda a pakati pa maiko ngati kuti dziko lina limapanga chinthu mpaka kuchimaliza, n'kuchigulitsa kwa linzake. Mkati mwa msika umodzi zinthu zinasiya kuyenda choncho. Nkhani imene inatchuka nthawi ya zokambirana inali ya crankshaft, chitsulo chozungulira cha mu injini, ya galimoto ya Mini: amaiumba ku France, n'kuitumiza ku Hams Hall ku England kukaisema, n'kuiwolotsanso kupita ku Germany kukailowetsa mu injini, kenako injiniyo n'kubwera ku Oxford. Chitsulo chimodzi chawoloka nyanja katatu galimoto isanathe, ndipo galimotoyo ikagulidwa ku Ulaya chimawolokanso kachinayi. Airbus imapangira mapiko a ndege zake ku Broughton ku Wales n'kuwatumiza ku Toulouse ndi ku Hamburg, ndipo mu June 2018 inachenjeza poyera kuti kutuluka popanda pangano kungaichititse kuganizanso za tsogolo lake m'dzikolo.

Mafakitale oterewa sasunga zipangizo zambiri. Zimafika pa ola limene zikufunika, chifukwa kusunga n'kokwera mtengo. Honda inauza komiti ya aphungu mu 2017 kuti fakitale yake ya ku Swindon inkalandira malole 350 patsiku kuchokera ku Ulaya, ndipo pa mzere wolumikizira galimoto pankakhala zipangizo zokwanira ola limodzi lokha. Pa doko la Dover pamadutsa malole ofika 10,000 pa tsiku lotanganidwa, ndipo malowo ndi opanikizika pakati pa nyanja ndi zitunda, opanda bwalo loimikapo malole ambiri. Lole iliyonse ikachedwa mphindi zowerengeka, mzere umatalika makilomita. Msonkho wa 10 peresenti pa galimoto, umene ukanagwira ntchito pakanapanda pangano, unali woopsa ndithu. Koma woyendetsa fakitale amatha kuuwerengera msonkho n'kuuika pa mtengo. Chimene sangathe kuwerengera ndi lole imene sakudziwa ngati ifike 10 koloko kapena mawa.

Fakitale ya Swindon inatsekedwa mu 2021, ngakhale Honda inati chifukwa chake chinali kusintha kwa msika wa galimoto padziko lonse osati Brexit, kutuluka kwa Britain mu EU. Nissan ku Sunderland, imene ambiri ankaiopera, inakhala ndipo inaonjezera mpamba. Nkhani ziwirizi zimakoka mbali zosiyana, ndipo aliyense amatola imene ikumukomera.

Katunduyu kwawo n'kuti?

Apa ndi pamene mawu oti "palibe msonkho" amanyengera. Msonkho umachotsedwa pa katundu yekhayo amene wapangidwadi ku Britain kapena ku EU, ndipo wogulitsa ayenera kupereka umboni. Malamulo ake ndi a mtundu ndi mtundu. Pa galimoto ya petulo, zipangizo zochokera kunja kwa mbali ziwirizi zisapitirire 45 peresenti ya mtengo wake. Ndiye kuti wopanga galimoto ayenera kudziwa kochokera waya aliyense ndi bawuti iliyonse, ndipo amene amamugulitsa zipangizozo ayeneranso kufunsa amene anawagulitsa iwowo. Pa galimoto zamagetsi vutoli linakula, chifukwa batire ndiyo imadya gawo lalikulu la mtengo, ndipo mabatire ambiri amachokera ku Asia. Malamulo okhwima anayenera kuyamba mu January 2024, koma opanga galimoto a mbali zonse ziwiri atadandaula, anawasunthira kumapeto kwa 2026.

Chitsanzo chimene chinaseketsa anthu, ngakhale eni ake sanaseke, chinali cha maswiti. Kampani ya masitolo ya Marks & Spencer imagulitsa maswiti otchedwa Percy Pig, amene amapangidwa ku Germany. Ankabwera ku nyumba yosungiramo katundu ku Britain, n'kugawidwa m'masitolo, ena a ku Ireland. Kuyambira January 2021, maswiti a ku Germany atalowa ku Britain n'kutulukanso osasinthidwa kanthu sankawerengedwa ngati a ku Britain, ndipo mwayi wawo wa ku EU unali utatha, motero pobwerera ku Ireland ankayenera msonkho. Makampani ambiri amene ankagwiritsa ntchito Britain ngati likulu logawira katundu ku Ulaya konse anakumana ndi zomwezi. Ambiri anathetsa vutoli potsegula nyumba zosungiramo katundu ku Netherlands, ku Belgium kapena ku Germany, ndipo ntchito zinatsatira katunduyo.

Pamwamba pa izi pali fomu ya kasitomu yeniyeniyo. Bungwe lotolera misonkho la HMRC linawerengera kuti padzafunika mafomu oonjezera pafupifupi 215 miliyoni pachaka, ndipo kuwalemba kudzadyera makampani ndalama zoposa £7 biliyoni pachaka. Boma sililandirapo kanthu pa ndalama imeneyi. Imathera kwa maejenti oombola katundu, ku mapulogalamu a pakompyuta, ndi ku malipiro a anthu olembedwa ntchito yongodzaza mapepala.

Wamng'ono ndiye amapsa

M'kuona kwanga, apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene pankamveka mochepa pa nthawi ya kampeni. Mtengo wa fomu susintha kwenikweni kaya mukutumiza kontena yodzaza kaya kabokosi kamodzi. Kampani yaikulu imalemba anthu khumi a za kasitomu, n'kugawa malipiro awo pa katundu wa mamiliyoni, osamva kuwawa. Wopanga tchizi wa antchito asanu, amene ankatumiza timaphukusi kwa makasitomala ake a ku France ngati akutumiza ku tauni yoyandikana nayo, amapeza kuti chikalata chokha chaposa phindu la phukusilo. Woteroyo sakuwa pa wailesi. Amangochotsa maiko a ku Ulaya pa tsamba lake la pa intaneti.

Ofufuza a ku London School of Economics anapeza kuti makampani pafupifupi 16,400 anasiya kugulitsa katundu ku EU malamulo atsopano atayamba, ndipo ambiri mwa iwo anali ang'onoang'ono, pamene akuluakulu anapitiriza pafupifupi monga kale. Ichi chimafotokoza chinthu chimene chimasokoneza anthu akamayang'ana ziwerengero. Ndalama zonse za malonda zimatha kuoneka ngati sizinatsike kwambiri, chifukwa akuluakulu ndiwo amanyamula gawo lalikulu, koma chiwerengero cha ogulitsa ndi mitundu ya zinthu zogulitsidwa chachepa. Ndipo makampani akuluakulu a mawa amachokera mwa ang'onoang'ono a lero, amene amaphunzirira malonda akunja pa msika wapafupi.

A zakudya ndiwo anakumana nazo kwambiri. Nyama, mkaka, mazira ndi nsomba zikamalowa mu EU kuchokera kunja zimafuna chiphaso cha zaumoyo, chosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena woyeza wovomerezeka, pa katundu aliyense. Lole imodzi ikanyamula katundu wa anthu khumi, cholakwika pa chikalata cha mmodzi chimaimitsa onse. Kwa wogulitsa matayala kuchedwa tsiku limodzi n'kokhumudwitsa chabe, koma nkhanu yamoyo siidikira. Zinthu zina zinaletsedweratu: mbewu ya mbatata ya kachewere ya ku Scotland, imene inali ndi msika wake ku Ulaya, inatsekeredwa kunja chifukwa EU siilola mbewu yotere kuchokera ku dziko limene malamulo ake a zomera sali amodzi ndi ake. Chodabwitsa n'chakuti Britain inazengereza kasanu kuyamba kuyeza zakudya zochokera ku EU, poopa kukweza mitengo m'masitolo ake, ndipo inadzayamba mu 2024. Kwa zaka zitatu mlimi wa ku Britain ankalimbana ndi mapepala potumiza katundu, pamene mnzake wa ku Ulaya ankalowa mosavuta. Alimi sanaiwale zimenezo.

Ufulu wodzipangira malamulo, umene unali mtima wa kampeni yotuluka, unadzetsa mutu wina. Boma linakhazikitsa chizindikiro chake cha UKCA kuti chilowe m'malo mwa CE ya ku Ulaya pa katundu wa m'mafakitale. Kwa wopanga zinthu izi zinatanthauza kuyezetsa chinthu chimodzi kawiri ndi kulipira kawiri. Atasuntha tsiku kangapo, mu August 2023 boma linalengeza kuti lipitiriza kulandira CE pa zinthu zambiri mpaka kalekale. Amalonda ambiri sakonda malamulo, n'zoona, koma chimene amadana nacho koposa ndi malamulo awiri pa chinthu chimodzi.

Mabanki ndi anthu

Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chuma cha Britain ndi ntchito zosagwirika ndi manja: mabanki, inshuwalansi, maloya, akatswiri a zomangamanga, oimba. Pangano la 2020 linakamba zochepa pa zimenezi. Kale banki yokhala ndi chiphaso cha ku London inkatumikira makasitomala m'maiko onse a EU popanda chiphaso china. Mwayi umenewu unatha, ndipo mabanki anatsegula nthambi ku Dublin, Paris, Frankfurt, Luxembourg ndi Amsterdam. Mu January 2021 Amsterdam inaposa London pa kugulitsa masheya a ku Ulaya. Mabungwe awiri a EU amene anali ku London anasamuka, loona za mabanki kupita ku Paris, loona za mankhwala kupita ku Amsterdam. Koma apa mantha anaposa zimene zinachitika. Ena ankalosera kuti ntchito zofika 75,000 zitha, pamene kampani ya EY, imene inkawerenga zolengeza za mabanki, inapeza ntchito pafupifupi 7,000 zosamutsidwa. London idakali likulu lalikulu la zandalama.

Za anthu ogwira ntchito zinali zovuta kuzikamba, popeza ambiri amene anavotera kutuluka ankafuna ndendende kuti obwera achepe. Minda ya zipatso, mophera nyama, mahotela, nyumba zosamalira okalamba ndi makampani a malole zinkadalira anthu a ku Poland, Romania, Bulgaria ndi kwina. Mu 2021 bungwe la eni malole linati pakusowa madalaivala pafupifupi 100,000. Mu September chaka chimenecho malo omwetsera mafuta ambiri anauma, ndipo m'miyezi yotsatira alimi ena anapha nkhumba zawo n'kuzitaya chifukwa kunalibe ozicheka. Covid-19 inali ndi mbali yaikulu, maiko ena a ku Ulaya ankasowanso madalaivala, ndipo malipiro a madalaivala anakwera, zimene otsatira Brexit anati ndi zomwe ankafuna. Kenako chiwerengero cha obwera chinakwera kuposa kale lonse, kungoti tsopano ankachokera ku India, Nigeria ndi maiko ena a kunja kwa Ulaya, kudzera m'maviza amene bwana amalipira ndi kudikira.

Northern Ireland, chigawo cha dzikolo chimene chili pa chilumba cha Ireland, ndi nkhani payokha. Malire ake ndi Republic of Ireland, dziko la mu EU, a makilomita pafupifupi 500, sakanatsekedwa popanda kugwedeza pangano la mtendere la 1998. Choncho chipata anachiika panyanja, pakati pa zigawo za dziko limodzi, ndipo wogulitsa wa ku England anayamba kulemba mafomu potumiza katundu ku Belfast. Pangano la Windsor la mu February 2023 linachepetsako mapepalawo.

Amene ankati tulukani

Si amalonda onse amene ankaopa. James Dyson wa makina osesera m'nyumba, Anthony Bamford wa makina okumbira a JCB, Tim Martin wa malo omwera a Wetherspoon ndi Jim Ratcliffe wa kampani ya makemikolo ya Ineos anali kumbali yotuluka. Mfundo zawo sizinali zopanda mutu. Ankati makampani ambiri a m'dzikolo sagulitsa kanthu kunja koma amamangidwa ndi malamulo a ku Brussels, likulu la EU, kuti misika imene ikukula msanga ili ku Asia ndi ku America, ndiponso kuti dziko loima palokha lingapange mapangano ake mwachangu m'malo modikira maiko 28 kuti amvane. Panalinso ndalama zimene dzikolo linkapereka ku EU. Pa basi yotchuka ya kampeni yotuluka panalembedwa £350 miliyoni pa sabata, chiwerengero chimene sichinachotsere ndalama zobwezedwa. Asodzi ambiri nawonso anavotera kutuluka pofuna nyanja yawo, osayembekezera kuti msika wa nsomba zawozo ndi womwewo akuusiya. Walira mvula walira matope. Ndipo anthu sanalephere kuona kuti Dyson anasamutsira likulu la kampani yake ku Singapore mu 2019, pamene Ineos inakapangira galimoto yake ya Grenadier ku Hambach ku France, ngakhale onse awiri anapereka zifukwa zina.

Mapangano atsopano anabweradi. A Australia ndi New Zealand anayamba kugwira ntchito mu May 2023, Britain inalowa m'bungwe la maiko a m'mbali mwa Pacific la CPTPP mu December 2024, ndipo mu 2025 inasainirana ndi India. Vuto ndi kukula kwake. Boma lenilenilo linawerengera kuti pangano la Australia lidzaonjezera chuma ndi pafupifupi 0.08 peresenti. Yerekezani ndi bungwe loima palokha loona za bajeti, Office for Budget Responsibility, limene limawerengera kuti m'kupita kwa nthawi chuma chidzakhala chochepa ndi 4 peresenti, ndipo malonda akunja ochepa ndi 15 peresenti, poyerekeza ndi mmene zikanakhalira dzikolo likanakhala mu EU. Chifukwa chake n'chakale ngati malonda enieniwo: anthu amagulitsana kwambiri ndi amene ali nawo pafupi ndiponso amene ali ndi ndalama. EU inkagula zoposa 40 peresenti ya zonse zimene Britain inkagulitsa kunja, ndipo ili makilomita 34 kuchokera ku Dover.

Mbali yofuna kukhala mu EU nayonso inadziwonongera mbiri. Mu May 2016 unduna wa zachuma unalosera kuti voti yotuluka idzagwetsa chuma nthawi yomweyo ndipo anthu 500,000 adzataya ntchito. Sizinachitike, ndipo ulova unapitiriza kutsika. Kuyambira pamenepo chenjezo lililonse la amalonda linkayankhidwa kuti n'kuopseza chabe. Anthu ankadikira kuti denga ligwe ndi mphepo usiku umodzi, ndipo litapanda kugwa anati nyumba ili bwino, pamene chimene amalonda ambiri ankanena chinali chiswe, chodya mtengo mkati pang'onopang'ono kunja kukuoneka bwino. N'chifukwa chake mkangano wa ziwerengero sutha. Kuti muyeze chotayika muyenera kuyerekeza ndi Britain imene sinatuluke, dziko limene kulibe, ndipo mliri ndi nkhondo ya ku Ukraine zinadzasakaniza madziwo.

Si ku Ulaya kokha

Africa inaziona kale zoterezi. East African Community yoyamba itagwa mu 1977, malire a Kenya ndi Tanzania anatsekedwa mpaka 1983, ndipo kampani ya ndege imene maiko atatuwo ankagawana inatha. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000 pofuna kuteteza mafakitale ake ndi ndalama za msonkho, ndipo m'zaka zotsatira ena mwa amalonda a m'dzikomo akhala akupempha boma kuti libwerere chifukwa cha misika imene anataya. Mali, Burkina Faso ndi Niger zinatuluka mu ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, pa 29 January 2025. Onse atatu alibe gombe, ndipo katundu wawo amadalira madoko a anansi monga Abidjan, Lomé, Dakar, Tema ndi Cotonou. Zifukwa zotulukira zinali za ndale ndi chitetezo, koma ECOWAS inalengeza kuti pakadali pano ipitiriza kulandira mapasipoti ndi katundu wa maikowo monga kale, ndipo onse atatu anakhalabe m'bungwe la ndalama ya CFA. Pa nsanja anthu analekana, koma ECOWAS sinafune kuimitsa malole chifukwa cha kutulukako.

Ku Britain komwe, ntchito imene ikuchitika tsopano ndi yochotsa mapepala aja limodzilimodzi. Pa 19 May 2025, nduna yaikulu Keir Starmer ndi atsogoleri a EU anakumana ku London n'kumvana kuti akonze pangano la zakudya, ziweto ndi zomera loti lichotse ziphaso zambiri za madokotala a ziweto ndi kuyeza kwa pa chipata. Mtengo wake unali poyera. Mabwato a ku Ulaya apitiriza kusodza m'nyanja za Britain mpaka 2038, ndipo pa zakudya Britain izitsatira malamulo a EU mmene azisinthira, malamulo amene kale inkawavotera ili pa tebulo koma tsopano izingofunsidwa maganizo. Mabungwe a masitolo ndi a ogulitsa nyama analandira nkhaniyi ndi manja awiri. Atsogoleri a asodzi a ku Scotland, anansi a eni malole aja amene anakaima ku London mu January 2021, anati boma lawagulitsa.